Mmene a Nkhalakale Analimira Munda wa Apongozi

Padangokhala, kale lija nyama zikugwira makasu ndi kukwatirana osayang'ana ubweya, panali mnyamata wina dzina lake Likongwe. Muzivomera bwino kumbuyoko, chifukwa nthano iyi mukadzaimva kwina, mudzadziwe kuti munthuyo anabera ine.

Likongwe anakwatira Nabiyeni, mwana wa mayi Nungu, n'kukakhala kwawo kwa mkaziyo pachikamwini. Kuoneka bwino anali nako, pakamwa anali napo, koma khasu ankaliopa kuposa mmene njoka zinkamuopera iyeyo. M'mawa anzake akamapita kumunda, iye ndiye msana. Masana mutu. Madzulo ng'oma ya mowa ikangolira, matenda onse balala.

Paja mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso. Akakumana panjira wina amapatukira patchire, akafuna kuyankhulana wina amafulatira. Ndiye tsiku lina m'mawa a Nungu anaima kuseri kwa nkhokwe, Likongwe ali mbali inayo akuwothera dzuwa, n'kuyamba kuyankhula ndi mwana wawo mokweza.

"Nabiyeni, uwauze amuna akowo kuti mitambo yayamba kusonkhana. Mvula ikagwa munda wanga wakumtunda uja usanalimidwe, apinde mphasa yawo. Njira ya kwawo sinamere udzu."

"Amva, amayi."

"Uwafunse ngati amvadi. Timakutu tawo n'tating'ono."

A Nungu atachoka, Nabiyeni anazungulira nkhokwe ija.

"Mwamva, bambo? Ulendo uno sakuseka. Minga yonse yaima."

"Usavutike. Ndiitana dima."

"Dima ya mowa uti? Anthu akulimireni muwamwetse chiyani? Chimera chija munasinthanitsa ndi chipewa."

"Chipewa chimenechi chimandipatsa ulemu."

"Ndiye chikulimireni."

Likongwe anakhala pansi n'kumakanda kumutu, pansi pa chipewa chomwecho. Mkazi wake ankamukonda, ndiwo za pamudzipo ankazikondanso, ndipo kwawo anachokako atalumbira kuti sadzabwererako atanyamula mphasa. Kukanda, kukanda, mpaka anakanda pamene panali nzeru. Anakumbukira kuti chaka chatha, apongozi ake atafulula mowa wa dima, iye anazembetsa mbiya imodzi n'kukaikwirira mpaka m'khosi pachulu cha m'mundamo, n'kuvundikira ndi phale, kuti adzamwe yekha. Tsiku lomwelo analedzera ndi mowa wina n'kuiwaliratu.

Anathamanga, n'kufukula. Atangochotsa phale lija, fungo linamumenya m'mphuno ngati chibakera. Masese onse anali atakhazikika pansi, pamwamba pali madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndi chinthu china choterera chikuyandama ngati lilime la ng'ombe. Anaviika chala n'kunyambita. Makutu anapinda okha, mano anachita dzanzi, mchira unaima njo. Mowa uja unali utasasa, kusasa kwakeko n'kusasanso.

Wina akanalira. Koma Likongwe ankawadziwa anthu a dziko limenelo. Anali ndi matenda amodzi: chinthu chikangokhala chakale, ankachiombera m'manja. A Fulu anawapatsa udindo woweruza milandu chifukwa cha makwinya okha, chonsecho ankagona mlandu uli m'kati.

Anayambira kwa a Njiri, kapitawo wa ntchito za pamsewu.

"A Kapitawo, mawa ndili ndi dima. Koma si mowa wa anawu. Ndi chakumwa chogona pansi, cha anthu odziwa zinthu. Ndauza inu nokha. A Khansala asamve."

Anapita kwa a Nyani, omwe anali khansala. "Ndauza inu nokha, bwana. A Kapitawo zoterezi sangazimvetse."

Anamalizira kwa a Njati, nduna ya mfumu. Kumeneko anagwada kaye, n'kunena kuti chakumwacho chakana kutuluka m'mbiya mpaka chitaona munthu wa msinkhu wake.

Kutacha onse atatu anafika, aliyense ndi gulu la anyamata ake, n'kumayang'anana ndwii, aliyense akudabwa kuti mnzakeyo wamva bwanji. Analima ndime yoyamba mmene anthu amalimira pa dima, khasu pansi maso kumbiya. Atangokanda kangodya kamodzi ka munda anati ludzu lawapha, n'kubwera kudzakhala pansi.

Anapeza mbiya ija ili pampando, yavekedwa nsalu, pamwamba pali chipewa.

"Nanga awa ndani?" anafunsa a Njiri.

"Tsitsani mawu, a Kapitawo. Awa ndi a Nkhalakale."

"A ndani?"

"A Nkhalakale. Mowa ukagona masiku owerengeka ndi mowa, aliyense amangopapira. Koma ukagona chaka m'nthaka, moyandikana ndi makolo athu, sukhalanso mowa ayi. Ndi munthu wamkulu. Sitimwa, timalonjera. Umagwada, umaomba m'manja, umalandira chipanda." Kenaka anatembenukira kwa a Nyani. "A Khansala, inu ndinu odziwa malamulo. Ine ndine wobwera. Kwanu kuno munthu akachitira tsinya wamkulu pomulonjera, mumati chiyani?"

"Ndi mwano umenewo," anatero a Nyani.

"Mwano amangousiya?"

A Nyani anayang'ana nkhope ya a Njiri, n'kuona kuti mwayi wochititsa manyazi mnzawo ndi umenewu. "Amalipa. Wochita tsinya alime ndime yathunthu, iye ndi anyamata ake. Osati kukanda. Kulima kwenikweni, mizere yooneka."

"Mwamva nonse," anatero Likongwe. "Si ine, ndi boma."

Woyamba anali a Njiri. Anagwada, ndipo kugwada sikunawavute chifukwa ngakhale pakudya amagwada. Koma asanalandire chipanda anakumbuka mwambo.

"Dikira kaye, mphwanga. Mwini mowa amayamba walawa, kuchotsa chiwembu."

"Ine? Mwana wadzulodzulo, mkamwini, ndilonjere a Nkhalakale a Kapitawo asanalonjere? Mukufuna ndituluke zithupsa?"

A Njiri mawuwo anawakomera. Anauza anyamata awo kuti aonerere bwino, chifukwa iwo anamwapo kachasu woyamba kudontha, uja amayaka ukamuyandikiza moto, osaphethira n'komwe.

Likongwe anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo yapansipansi, yokoka, ngati ya pamaliro a munthu amene anasiya ng'ombe zambiri. Inkanena za mkulu amene anagona m'nthaka ndipo wadzuka kuti aone ana ake, n'kumafunsa kuti wankhope yosalala ndani. Gulu linkavomera ndi mawu okumbutsa kuti khasu silili patali, uku likuomba m'manja mwaulemu.

A Njiri anakweza chipanda, n'kumeza kamodzi.

Mphuno yawo inakwera m'mwamba, maso analowa m'kati, mlomo unapita kukafunafuna khutu.

"Tsinya," anatero a Nyani.

"Tsinya lake liti? Nkhope yanga ndi yomweyi chibadwire. Funsani aliyense."

"Tikuidziwa, akulu, takhala tikuipirira zaka zonsezi. Koma njerewere ija inali kumanja yapita kumanzere."

Anyamata a a Njiri omwe anaseka. A Njiri anadzuka, anatola khasu, n'kuwakalipira onse kuti atsogole. Ndipo palibe amalima bwino ngati munthu wokwiya. Dothi linkangouluka.

Wachiwiri anali a Nyani. Anayamba ndi mawu, paja khansala salandira chinthu asanayankhule. Anathokoza a Nduna, anathokoza a Nkhalakale, anathokoza mpando umene a Nkhalakale anakhalapo. Anati kumisonkhano ya kuboma zoterezi amamwa tsiku lililonse, kungoti kumudzi kuno chitukuko chimachedwa. Atatha, anayang'ana Likongwe cham'mbali.

"Komabe chiwembu sichinachotsedwe, mnyamata. Talawa."

"Bwana, taonani a Kapitawo uko. Amwa. Mwaona mmene akugwetsera khasu? Ndi chiwembu chanji chimapatsa munthu mphamvu zotero?"

A Nyani anayang'ana, n'kuona kuti n'zoona. Nyimbo inayambanso, ulendo uno yokwererapo, chifukwa a Njiri ndi anyamata awo ankavomera ali kumunda, makasu akugunda m'malo mwa ng'oma, ndipo mawu aja okumbutsa za khasu ankawatchula mokoma kwambiri.

A Nyani anamwa. Koma nkhope ya a Khansala sinasunthe. Inali nkhope yozolowera. Inalonjezapo milatho, zitsime ndi misika, osagwedezeka olo pang'ono. Misozi inkalengeza, koma nkhope ili gwa. A Nyani anabweza chipanda, n'kutsegula pakamwa kuti ayamikire, mawu osatuluka.

Likongwe anayang'ana munda. Wolimidwa unali usanafike ndi theka lomwe. Anayang'ana a Khansala kuchokera kumutu kutsika, ndipo atafika kumbuyo anatsokomola, n'kuloza ndi mlomo kuti a Njiri aone.

"Mchira!" anakuwa a Njiri ali kumunda.

Mchira wa a Nyani unali utakwera m'mwamba n'kuthyokera pakati, ukunjenjemera wokha.

"Lamulo likunena nkhope," anatero a Nyani mawu atabwerera. "Ndalipanga ndine. Silikunena mchira."

Onse anayang'ana a Njati. A Nduna sankayankhula kawirikawiri. Anatafuna kaye, n'kumeza.

"Tsinya ndi tsinya," anatero, "kaya lili kutsogolo kaya kumbuyo."

A Nyani anapita kumunda. Poyamba anagwira khasu mongoonetsa, mmene amachitira pa tsiku lodzala mitengo, koma a Njiri anaima pambali pawo n'kumawawerengera mizere mpaka thukuta linatuluka lenileni. Mchira uja sunawongokenso mpaka lero, kayang'aneni.

Panatsala a Njati, ndipo mbali yotsala ya munda inali yaikulu kuposa zonse. Kutali kunamveka kugunda kwa mvula. Likongwe anatunga chipanda n'kugwada, koma a Nduna sanatambasule dzanja.

"Mphwanga."

"Wawa."

"Ndaona akuluakulu awiri apita kumunda. Iwe pakamwa pako m'pouma."

"Ndimalemekeza, a Nduna."

"Walemekeza mokwanira. Chipanda chodzaza, umalize. Ukachita tsinya, awo asiya makasu, ine ndinyamuka ndi anyamata anga, kotsalako ulima wekha."

Kumunda makasu anaima. Likongwe anayang'ana chipanda, anayang'ana mitambo, n'kuona mphasa yake ikudzipinda yokha. Chala chimodzi chokha chija chinamupinditsa makutu. Nanga chipanda?

"Wawa, ndimwa," anatero. "Koma ine pano ndine mkamwini. Munda ngwa eni, mudzi ngwa eni. Chinthu chachikulu chotere ndingachite mwini munda palibe? Mawa adzati mkamwini wayamba kulandira alendo akuluakulu payekha. Aitanidwe amayi, adzachitire umboni."

A Njati anagwedeza mutu. "Mwana uyu analeredwa. Kawaitaneni."

Nabiyeni, amene ankaonerera chapambali, anathamangira kumudzi, n'kubwera ndi a Nungu. Atangotulukira, Likongwe anatembenuka msangamsanga n'kufulatira, anasolola nsalu ija pambiya n'kudzifunditsa kumutu mpaka m'mapewa.

"Tembenuka," anatero a Njati. "Ndione nkhope."

"A Nduna, apongozi ali pano."

"Ndati tembenuka."

"Mukalamula nditembenuka, inu ndinu osunga mwambo. Koma mawa anyamata onse a dziko lino adzayamba kuyang'ana apongozi awo m'maso, n'kumati anayambitsa ndi a Njati. Nkhaniyo ikafikanso kwa apongozi anu."

A Njati anali ndi apongozi awo, mayi wamng'ono thupi, amene ankachititsa nduna yonseyo kulowa paminga akakumana panjira. Anapumira m'mwamba.

"Khala choncho. Imwa."

Nyimbo inayambanso, gulu lonse likuvomera. Zimene zinachitika pansi pa nsalu ija anaziona ndi nsalu yokha. Likongwe anamwa, nkhope inakwinyika ngati chikwama cha fodya, maso anasowa, lilime linafuna kuthawira kukhosi, ndevu zinalukana. Koma anamezabe, uku akugwedeza mapewa ngati akuvina kuti kunjenjemera kusaoneke. Mchira anaukhalira, paja anali ataphunzirapo pa a Khansala. Potsiriza dzanja linatuluka m'nsalu, chipanda chili chozondoka. A Njati anafufuza pansi ngati wataya. Panali pouma.

"Ali bwanji a Nkhalakale?" anafunsa a Nduna.

"Akupereka moni," anayankha Likongwe ndi mawu ang'ono ngati a udzudzu.

Nthawi yonseyi a Nungu sankayang'ana mkamwini wawo, paja n'kosaloledwa. Ankayang'ana mbiya, imene tsopano inali yosavala.

"Nabiyeni," ananong'ona, "mbiya iyi ili ndi chipsera pakhosi ngati yanga ija inasowa chaka chatha."

"Mbiya zimafanana, amayi."

"Zimafanana, eti. Chabwino. Munthu sayankhula munda wake ukulimidwa."

Anabwerera kumudzi pang'onopang'ono. Mmene Likongwe ankavundukula nsalu, nkhope inali itabwerera m'malo mwake, kungotsala maso ofiira.

A Njati tsopano analibe pothawira. Anati chipanda n'chaching'ono kwa munthu wa udindo wawo, awapatse chikho chachikulu. Anagwada, nthaka inamva. Anamwa theka. Kenaka anayetsemula, chipewa chija chinauluka pambiya n'kukagwera kutsidya kwa chulu, ndipo chipumi chawo chinapindana mizere yokwana kudzalamo mtedza. Panalibe amene analimba mtima kunena kuti tsinya. Iwo okha anadzuka, n'kunena kuti, "Anyamata, makasu."

Mmene madontho oyamba ankagwa, munda wonse unali mizere yokhayokha, kuyambira pachulu mpaka kumalire.

Akuluakulu aja anakhala pansi akupukuta thukuta, osayang'anana. Ndani akanayamba kunena kuti kamkamwini kawalimitsa munda ndi mowa wowonongeka? Kapitawo? Khansala? Nduna ya mfumu, anyamata ake akumva?

"Kumapeto kwake kumakoma," anatero a Njiri.

"Kumatsegula chifuwa," anatero a Nyani. "Anthu wamba sangazimvetse. Ndikakanena kumsonkhano."

A Njati anatafuna, n'kumeza. "Mphwanga, unditsanulireko m'kansupa. Ndili ndi alamu anga ena amadzimva kwambiri."

Aliyense ananyamula kansupa kake. Ndi mmene dzina lija linayendera m'dziko la nyama. Chakumwa chilichonse chimene chagona mpaka kusasa n'kudekha, masese pansi madzi owawasa pamwamba, ankati nkhalakale. Chosasa cha dzulo sankachitcha choncho, chimenecho ankangoti chawonongeka n'kutaya. Munthu akakugwiritsa ntchito n'kukulipira ulemu wokhawokha, unkati wandimwetsa nkhalakale. Akuluakulu ankamwetsana pamaphwando misozi ili mbwe, akuyamikira. Azimayi okha ndi amene sanavutike nazo zogwada. Anaona kuti ukadonthezera pang'ono pa nyama yolimba imafewa, pa nsomba fungo limachoka, basi n'kumasunga kukhitchini pafupi ndi mchere. Wa m'botolo uja mumawaza pa tchipisi pachiwaya n'kumati viniga, nyama zikanamuona zikanati ndi mdzukulu wawo wa a Nkhalakale, ndipo zikanadabwa kuti simuomba m'manja.

Koma tibwerere kwa Likongwe, nkhani yake sinathe.

Kutacha, mvula itakata, iye anali pakhonde akufotokozera mkazi wake mmene anagonjetsera boma lonse ndi mbiya imodzi. Anali pakati pofotokoza kachiwiri pamene a Nungu anatulukira. Sanapite kuseri kwa nkhokwe. Anabwera molunjika, tambala ali m'manja, akuluakulu awiri a pamudzipo ali pambuyo. Likongwe anadzambatuka kuti afulatire.

"Musathawe, bambo," anatero a Nungu. "Khalani pansi. Anthu awa abwera kudzamva. Mkamwini amene walimitsa munda wanga ndi nduna ya mfumu si mlendonso. Landirani tambala uyu. Kuyambira lero kuthawana kwatha, ndinu mwana wanga. Mphasa yanu isapindidwe."

Akuluakulu aja anaomba m'manja. Likongwe analandira tambala ndi manja awiri. Inali nkhuku yoyamba m'moyo wake kuigwira masana, mwini wake akuona. Anakweza maso n'kuyang'ana apongozi ake koyamba, n'kupeza akumwetulira bwino kwambiri.

"Zikomo, amayi. Ine ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzandimvetsa."

"Ndakumvetsani, mwananga. Ndiye popeza tsopano tikuonana, pali chinthu chimodzi chinandidutsa dzulo. Anthu onse akusimba kuti munalonjera a Nkhalakale chipanda chathunthu osachita tsinya. Ine ndinangoona nsalu." Anatembenuka. "Nabiyeni, m'mbiya yanga ija mwatsala kanthu?"

"Mwatsala, amayi. Kwapansi kwenikweni."

"Kumeneko ndiye kwabwino. Tunga. Lamulo ndi lomwe lija la a Khansala, si ine, ndi boma. Dimba langa lakudambo silinatipulidwe."

Likongwe anayang'ana uku ndi uku kufuna nsalu ija. Anaipeza ili m'chiuno mwa mkazi wake, yomangidwa mfundo ziwiri.

"Nabiyeni," ananong'ona, "ndine mwamuna wako."

"N'chifukwa chake ndakunolerani khasu, bambo. Gwadani."

A Nungu anayambitsa nyimbo okha, ndipo anali ndi mawu abwino. Akuluakulu aja anavomera. Likongwe anagwada, tambala ali m'khwapa, n'kulandira chipanda. Anangoti kamodzi, nkhope yonse inathamangira kumphuno, ndipo inakhala yosongoka choncho mpaka kwa zidzukulu zake.

Pamudzi anakhala ndithu, mpaka imvi. Dimba analitipula yekha, apongozi ake atakhala pachitsa, akumuyang'ana m'maso.

Yathera pamenepa, tsukani zipanda.